Lachiwiri: envulopu ya khaki m'mawa, printa ya eni masana

Malaiti anabwera m'bandakucha, ndiye ndinadzuka pompo kutchaja laputopu ndi kusita shati. Lero linali tsiku lomaliza kupereka makalata ku ofesi ina muno mu Chipata imene ikufuna munthu woyang'anira makompyuta ndi netiweki. Dzuwa la Okutobala silidikira masana. Pochoka ku Kapata kufika pamsewu waukulu, shati ija inali itamatirira kale kumsana.

Zimene akufuna ndinaziloweza pamtima, poti n'zomwezomwezo kulikonse: satifiketi ya Giredi 12, digiri ya kompyuta, zaka zitatu zogwirapo ntchito, kalata ya ZAQA yotsimikizira kuti mapepala ako si achinyengo, ndi umboni woti unalembetsa ku ICTAZ, bungwe la akatswiri a makompyuta m'Zambia. Ine ndili ndi dipuloma ya ku Zambia ICT College ku Ndola. Ntchito yeniyeni imene ndinagwirapo ndi yolowetsa zambiri za odwala mu SmartCare, pulogalamu ya pakompyuta ya zipatala, pa kiliniki ina, ndipo inatha boma la America litaimitsa thandizo lake kumayambiriro kwa 2025. Digiri ndilibe, koma ndinaperekabe. Akakukana akukane okha, usadzikane wekha uli kunyumba.

Za ICTAZ sindikutsutsa. Lamulo la mu 2018 limafuna kuti wogwira ntchito za ICT m'Zambia alembetse ndi kukhala ndi satifiketi yogwirira ntchito, monga mmene manesi ndi mainjiniya alili ndi mabungwe awo. Chimene chimandiwawa ndi olemba ntchito amene amafuna zonsezi pa tsiku lofunsira, osati pa tsiku loyamba ntchito. Munthu wosagwira ntchito alipire umembala, alipire kutsimikizira mapepala, achite fotokope tsamba lililonse, adinditse, agule envulopu, akwere njinga. Ndalama zonsezo kwathu kuno zimachokera pa thebulo la tomato ndi anyezi la amayi pa msika wa Kapata. Envulopu iliyonse imene ndaponya m'bokosi ndi ndiwo za pakhomo zimene sizinagulidwe.

Pageti mlonda sanandilole n'kulowa komwe.

"Ikani m'bokosi umo, mwana wanga, mulembe dzina m'bukumu."

Bukulo linali litatsala pang'ono kudzaza. Ndikulemba ndinaba maso kuyang'ana mizere ya pamwamba: manambala a foni, malo okhala, ena a ku Petauke, ena a ku Lundazi, wina mpaka Kitwe, mwina anatumiza m'bale wake. Mpando ndi umodzi. Ofesi yofuna katswiri wa makompyuta koma ikulandira makalata m'katoni ya sopo. Ndinaseka chamumtima, osati pamaso pa mlonda, poti mwina mawa ndi amene azidzanditsegulira geti.

Potembenuka ndinakumana ndi mnzanga amene tinali naye pa kiliniki paja, nayenso envulopu m'manja.

"Nawenso wabwera?"

"Nanga tidya chiyani, iwe?"

Masiku ano amakhala m'kantemba ka mobile money pafupi ndi Saturday Market, ka munthu wina, amalandira malinga ndi ndalama zimene zadutsa. Mtsikana ameneyu amadziwa SQL, chilankhulo chofufuzira zambiri zosungidwa mu kompyuta, kuposa ine. Lipoti la mwezi likasokonekera pa kiliniki, onse ankaitana iye. Tinaima pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuonetsana zimene zabwera m'magulu a WhatsApp. China chinali chokoma kwambiri: bungwe lina likufuna achinyamata a IT ku Katete, Chadiza ndi Nyimba, malipiro onona, nyumba yaulere, kuyamba sabata yamawa. Kumunsi kwake adilesi ya Gmail, ndi mawu oti wosankhidwa atumize K350 pa foni ya kuyezetsa kuchipatala. Dzina la bungwelo pa Google silikupezeka paliponse, PDF yake zilembo zolakwikalakwika. Ife awiri tinazindikira msanga, koma m'gulumo munali kale anthu akufunsa kuti "ndalama titumize pa nambala iti?" Ndinalembamo kuti wolemba ntchito weniweni salipiritsa, wina n'kundiyankha kuti ndili ndi nsanje.

Nkhomaliro inali vitumbuwa ziwiri ndi maheu.

Cha m'ma 2 koloko amalume anaimba. Iwo amayendetsa kalole konyamula simenti, ndipo mwini shopu ina ya hadiweya ku Down Shops anawadandaulira kuti printa yasiya kutulutsa malisiti kuyambira dzulo. Amalume, osandifunsa n'komwe, anamuuza kuti mphwawo ndi dokotala wa makompyuta. Ndinapita wapansi.

Ndinapeza anthu ali pamzere ndi malata ndi misomali, mnyamata wa pakauntala akulemba malisiti pamanja, abwanawo nkhope ili gwa. Anali ataganiza kale zogula printa ina. Printa inalibe vuto lililonse. Chimene chimachitika n'chakuti malaiti akapita n'kuliza jenereta, rauta imazima n'kuyakanso, ndipo ikayaka imagawa ma IP address, manambala odziwira chida chilichonse pa netiweki, mwatsopano kwa chilichonse cholumikizidwa: mafoni a antchito, kompyuta, makamera, printa. Printa inalandira nambala ina, pomwe kompyuta inkaifunabe pa nambala yakale. Ndinasindikiza tsamba la netiweki pa printa yomweyo kuti ndione nambala yatsopano, ndinalowa mu rauta (pasiwedi inali ikadali ija ya kufakitale, yolembedwa kunsi kwake), n'kuipatsa printa nambala yokhazikika kuti isamasinthenso. Lisiti loyamba litatuluka, mnyamata wa pakauntala anaomba m'manja.

Ndikanatha kulandira zanga n'kumapita, koma ndinaona kuti katundu yense wa shopuyo, ngongole za makasitomala, mitengo, zonse zili mu fayilo imodzi ya Excel pa kompyuta yafumbi imene fani yake ikulira ngati chigayo. Kope ina kulibe paliponse.

"Abwana, kompyuta iyi ikafa mawa, ngongole zanu mukazipeza kuti?"

Anakhala chete, kenako anatuma mwana kukagula fulashi. Ndinawaikira fayiloyo pamenepo ndi pa Google Drive, ndinasintha pasiwedi ya rauta, n'kuwalembera papepala kuti asunge m'sefa. Anandipatsa K200 ndi Fanta yozizira. Sanafunse digiri, sanafunse zaka zitatu, dzina langa lomwe analifunsa pomaliza, posunga nambala yanga m'foni.

Pobwerera ndinkayenda ndikuwerenga mashopu. Kuyambira mu Julayi 2024 olembetsa VAT amayenera kutulutsa ma invoice kudzera mu pulogalamu ya Smart Invoice ya ZRA, bungwe lotolera misonkho, kutanthauza kuti shopu yaikulu iliyonse ili ndi kompyuta, intaneti ndi printa zimene zimafuna munthu. Ogulitsa feteleza ndi mbewu a e-voucher ya FISP, makuponi a pakompyuta a thandizo la boma kwa alimi, nawonso sangagulitse popanda netiweki, ndipo nyengo yawo ndi inoyi, mvula isanagwe. Masukulu amaphunzitsa Computer Studies, ena ali ndi chipinda cha makompyuta chimene theka lake siliyaka. Starlink, intaneti ya setilaiti, inafika m'Zambia mu 2023, ndipo wogula mbale ija amafunabe wina woyala mawaya ndi kufikitsa WiFi m'zipinda zonse. Ntchito ya IT mu Chipata ilipo yambiri, kungoti siilengezedwa pa GoZambiaJobs kapena LinkedIn, ilibe malipiro a pamwezi, ilibe penshoni ya NAPSA, ilibe inshuwalansi ya chipatala ya NHIMA. Ndi ganyu, ndipo imabwera kudzera kwa amalume.

Msuweni wanga wa ku Lusaka amangoti bwera kuno, kuli makampani, kuli BongoHive kumene amasonkhana a zamakompyuta, ukakumana ndi anthu. N'zoona. Koma Lusaka ili pa mtunda wa makilomita oposa 500 pa Great East Road, iye mwini amagona chipinda chimodzi ndi anzake awiri, ndipo anzanga amene anapita ndi madipuloma ngati anga ambiri akugulitsa mafoni ku Town Centre. Ndimaganizanso za CDF, thumba la chitukuko la dera la phungu aliyense, imene inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022. Pa ndalama zimenezo pamamangidwa makalasi ndi makiliniki, ndipo tsiku lina adzafuna mawaya a netiweki. Koma kuti munthu apikisane nawo ayenera kukhala ndi dzina la bizinesi ku PACRA, ofesi yolembetsa mabizinesi, ndi TPIN, nambala ya msonkho. Mapepala ena, ndalama zina.

Madzulo ndinapatsa amayi K150, inayo ndinagula bandulo.

"Nanga aja a envulopu ati chiyani?"

"Ati adzaimbira okhawo amene asankhidwa, amayi."

"Ndiye uzikhala pafupi ndi foni."

Kwa amayi ntchito ndi imene ili ndi ofesi, tayi ndi penshoni. Za ku Down Shops anangoti Mulungu adalitse amalume ako, osawonjezerapo kanthu. Sindinawatsutse, chifukwa nanenso ofesi ija ndikuifuna, ndipo akandiimbira ndidzathamanga.

Foni inaliradi tikudya nsima, amayi mpaka anasiya mbamu m'mbale. Sanali a ofesi. Anali mnzawo wa abwana aja, wogulitsa feteleza ku Katete: makompyuta awiri sakuonana, alimi ayamba kale kubwera, ndingafike Lachinayi? Anafunsa mtengo, ine ndinati K500 kuphatikizapo thiransipoti. Anati K350, ndalama ya basi alipira okha. Ndinavomera, ndipo mawa m'mawa ndikafunefune chingwe cha netiweki ndi ma connector, chifukwa kirimpa yanga, chida chomangira ma connector pa chingwe, ndinabwereketsa kwa mnyamata wina wa ku Mchini amene foni yake sikupezekanso.