Mmene ndinathawira ku Malawi ndi nsapato imodzi

Ndamva kuti nkhani yafika kale ku Ulongwe, ndipo wina waithira mchere kuti ndinkakuwa "mayo ine" njira yonse. Bodza limenelo. Ndinkaitana Maliya Woyera. Vuto linali lakuti amene ankandithamangitsayo nayenso anali Maliya, ndiye anthu anasokonezeka.

Kunali kumudzi kwa mayi a kunyumba, kufupi ndi Calomue ku Mozambique kuno, tsiku lomanga chiliza cha amalume awo. Ine ndine Mngoni wa ku Domwe, wokulira pa mishoni, mphunzitsi wa mbiri yakale. Kwathu timavina ngoma, timalowola ndi ng'ombe, kudambwe sindinapondeko. Koma kuwerenga kokha ndinawerenga, ndipo masese atayamba kugwira ntchito yake ndinaona kuti n'kulakwa kuti akuluakulu a pamudzipo akalambe osapindula ndi mkamwini wawo.

Ndinayamba bwino, aliyense amene analipo angachitire umboni. Ndinati taonani, m'buku la Genesis muli munda wa Edeni, inu Achewa muli ndi Kaphirintiwa kumapiri a Dzalanyama, kumene mwamuna ndi mkazi anatsika ndi mvula atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, mapazi awo n'kudinda pathanthwe. Konse kuwiri Mulungu ankakhala pamodzi ndi anthu, konse kuwiri zinthu zinasokonekera. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Edeni Mulungu ndiye anapirikitsa munthu, pamene ku Kaphirintiwa munthu anapeka moto, tchire n'kuyaka, Chauta n'kuthawira kumwamba pa ulusi wa kangaude. Imfanso chimodzimodzi: uko inabwera ndi chipatso, kuno inabwera chifukwa birimankhwe anazengereza ndi uthenga wa moyo, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa.

Agogo ena aakazi anafunsa kuti, "Ndiye kuti kumeneko mlandu anaupereka kwa mkazi, kwathu kuno kwa birimankhwe?" Ndinati eetu agogo. Iwo anati, "Kwathu kuno n'kwabwino." Anthu anaseka, ine mutu n'kukula.

Ndinapitiriza. Ndinawauza kuti Angoni anzathu a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835 tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo ndinayerekeza ndi Yoswa, amene anawolotsa Aisraeli pa Yorodano kenaka n'kudzaimitsa dzuwa. Apongozi aamuna anakhosomola n'kufunsa ngati ng'ombe za makolo awo zimene Angoni anatenga zija zinalembedwanso m'Baibulo. Funso limenelo ndinalidumpha. Ndinathamangira ku 1891, chaka chimene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire n'kudula mtundu umodzi pakati, kenaka ku 2005 pamene UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu m'dzina la Mozambique, Malawi ndi Zambia pamodzi. Za Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi sindinathe kuwauza zambiri, poti theka la anthuwo anapitako ndipo ine ayi.

Apa ng'oma zinayamba. Munthu wanzeru akanatseka pakamwa, koma phunziro linali lisanathe.

Poyamba panatuluka Simoni, nkhope yofiira psuu, atavala jekete. Ndinati, "Mwamuona? Ameneyu ndi Simoni Petulo, anamutengera ku tchalitchi pofuna kuseka azungu opsa ndi dzuwa." Alamu anga anandikanda pamwendo. Kenaka panabwera Maliya, atavala chitenje ndi duku, akuvina mofatsa, azimayi akumuimbira. Ndinati, "Uyunso n'chimodzimodzi. Ansembe atabwera ndi Maliya wawo, gule naye anapanga wake." Mkulu wina anandiyankha modekha kuti, "Aphunzitsi, chilombo chimenecho chavuulidwa kumadzi." Alamu anandikandanso, ulendo uno ndi chikhadabo. Ine ndinaganiza kuti ndi nthata.

Ndiye ndinanena. Ndikufuna mumvetse kuti ndinanena ngati mphunzitsi, osati mwachipongwe. Ndinati, "Ayi, chimene chikundisangalatsa ine n'chakuti munthu amene wavalayu..."

Sindinamalize. Wa mbalule anasiya dzanja m'mwamba. Ng'oma zina zinatsatira imodziimodzi mpaka kunangotsala kamwana kena kakuombabe m'manja, amake n'kukagwira. Kunja kunati zii. Mbuzi imene inkadya makoko pambali pa nkhokwe inasiya kutafuna n'kundiyang'ana. Mayi a kunyumba anadzifunditsa chitenje kumutu ngati maliro ayambiranso. Maliya anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope yake yomwetulira ija osasintha ngakhale pang'ono, n'kuwerama, n'kukwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kuchimanga mfundo. Anachimanga mosafulumira, abale, mfundo ziwiri, n'kuyesa ngati yalimba. Nthawi yonseyo ine chala chinali chidakali m'mwamba.

Amati Maliya ndi chilombo chofatsa. Amene analemba zimenezo sanathamange naye m'munda wa mbatatesi. Ndinadumpha mizere, ndinadumpha khola, ndinadumpha mwana wa eni ake amene ankasenda chimanga. Nsapato ya kumanzere inatsala m'matope pa dimba, ndinaitsanzika ndili m'mwamba. Amene mumadziwa dera limenelo mukudziwa kuti msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu ndiwo malire. Ndinauwoloka osayang'ana kumanja kapena kumanzere, wopanda pasipoti, wopanda chidindo, ndi chikwama chokha pakhosi. Nditacheuka ndinaona Maliya ataima tsidya lija, manja m'chiuno. Mumtima ndinathokoza Angerezi ndi Apwitikizi chifukwa cha ntchito yabwino ya 1891.

Kuthokozako sikunakhalitse. Ndikulowa kanjira ka m'mabulugamu kuti ndipume, ndinangoona Kang'wingwi, thupi lonse matope, nthenga kumutu, chikwanje m'manja. Wa ku Malawi ameneyo, akupita ku zake. Zija ndinkaphunzitsa zoti gule ndi mmodzi m'maiko atatu, apa ndinazikhulupirira ndi mawondo omwe.

Ndinakumbuka zimene anthu amanena, zoti ukanyamula Baibulo chilombo chimakulambalala. Ndinapisa m'chikwama, ndinatulutsa buku lachikuto chakuda, ndinalikweza m'mwamba ndi manja awiri, maso ndili tsinzini, n'kuyamba Atate Athu. Nditafika pa chakudya chathu chalero, bukulo linachoka m'manja mwanga. Nditatsegula diso limodzi ndinaona kuti inali dikishonale ya Chipwitikizi imene ndinatengera mwana wa alamu. Kang'wingwi anakhoma chikwanje m'khwapa, anatsegula bukulo chadodolido, n'kuyamba kuwerenga. Ananyowetsa chala. Anatembenuza tsamba. Anagwedeza mutu ngati pali mfundo imene sakugwirizana nayo. Anatembenuza lina. Ine ndili chogwada pa minga, phazi limodzi lopanda nsapato, ndikudikira kuti amalize chilembo A.

Kenaka nzeru zinabwera: ndalama. Ndinaika pansi pepala la mametikali 20 n'kubwerera m'mbuyo monga mwa mwambo. Chilombocho chinatola, chinayang'ana nkhope ya Samora Machel, chinaunika pepalalo padzuwa, chinawerengera pa zala, mwina kusintha kukhala makwacha, kenaka chinatambasulanso dzanja. Ndinaonjezera. Chinapita ndi ndalama, ndi dikishonale yomwe.

Ndinabwerera dzuwa litalowa, kudzera kumadimba. Apongozi aakazi anandilandira ndi madzi osamba ndi mawu akuti, "Ife msewu umenewo tinauwoloka nthawi ya nkhondo, pothawa mfuti, mpaka tinabwerako mtendere wa 1992 utasainidwa. Bambo a kuno mwauwoloka pothawa duku." Sindinayankhe, poti apongozi sayankhidwa, komanso mpweya unali usanabwerere.

M'mawa mwake akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti ndipereke nkhuku ndi kachasu, ndipo ngati ndikufunadi kudziwa zambiri ndigule njira ngati anzanga onse. Ndinapereka nkhukuyo. Za njira ndinati ndiyambe ndafunsa kwathu ku Domwe. Koma onani, palibe ndi mmodzi yemwe amene anatsutsa mfundo yanga ya Edeni ndi Kaphirintiwa, ndipo agogo aja anatumiza uthenga kuti ndikawafotokozerenso za birimankhwe, bola tsiku lopanda ng'oma. Ya Simoni Petulo ijanso ndikuimabe nayo, kungoti masiku ano ndimainena ndili m'kalasi, mazenera otseka.

Nsapato ija mwana wina anaipeza, koma akufuna mametikali 50, pamene inzake ndinataya kale.