Sutukesi yadzaza, koma pepala limodzi palibe

Lachiwiri usiku. Ndathimitsa magetsi kawiri, ndikuyatsanso. Mawu a mwana wa mlongo wanga akungozungulira m'mutu: "Amalume, zonse ndamaliza, chatsala n'kukwera ndege basi."

Mwanayu amaphunzira ku koleji ku America pa visa ya ophunzira yotchedwa F-1, ndipo amutenga mu Disney College Program, pulogalamu imene ophunzira a koleji amagwira ntchito kwa miyezi ingapo ku malo achisangalalo a Walt Disney World, pafupi ndi Orlando ku Florida. Akuyenera kufika sabata yamawa, mkati mwa Ogasiti. Madzulo anandiimbira pa vidiyo n'kumandionetsa sutukesi: madiresi, zovala zosambira, nsapato zoyera zatsopano. Ndinamusiya amalize, kenako ndinafunsa funso limodzi. "I-20 yako yatsopano ili kuti?"

I-20 ndi pepala limene koleji imapereka kwa wophunzira wakunja, lotsimikiza kuti akuphunzira kumeneko. Anangoti zii. Pambuyo pake anati, "Imelo ndinatumiza kale ku ofesi, amalume."

Apa ndi pamene mtima wanga unayamba kugunda. Kutumiza imelo si chilolezo. Wophunzira wa F-1 sangagwire ntchito kunja kwa sukulu yake popanda chilolezo, ndipo pa ntchito ngati iyi chilolezocho chimatchedwa CPT. Amapereka ndi ofesi ya ophunzira akunja pa koleji yake, osati kampani yomwe yamulemba. Chimaoneka pa tsamba lachiwiri la I-20: dzina la olemba ntchito, tsiku loyamba, tsiku lomaliza, komanso ngati maola ake apitirira 20 pa sabata. Ukagwira ngakhale tsiku limodzi lisanafike tsiku lolembedwa pamenepo, waphwanya malamulo a visa. Maphunziro olandirira antchito atsopano, amene kumeneko amawatchula kuti Traditions, amalipidwa, choncho imeneyo ndi ntchito kale. Ndinamukumbutsanso kuti akadzakwanitsa miyezi 12 ya CPT ya maola ochulukawa, ndiye kuti wataya OPT, mwayi wogwira ntchito akamaliza digiri. Akafuna kuwonjezera miyezi kumeneko, ayambe wawerenga bwino masiku.

Ndiye pali fomu ya I-9, imene aliyense wolembedwa ntchito ku America amadzaza. Mbali yake ayenera kuimaliza pofika tsiku loyamba, ndipo mapepala ayenera kuonedwa pasanathe masiku atatu ogwira ntchito. Kwa iyeyu ndi pasipoti, I-94 (chikalata chosonyeza kuti analoledwa kulowa m'dzikomo) ndi I-20 ija. Chithunzi cha pasipoti cha mufoni salandira, fotokope salandira. Ndinamuuza kuti zonsezi aziike m'chikwama cha m'manja, chifukwa sutukesi imatha kutsalira pa bwalo la ndege masiku awiri.

"Amalume, mukundiopseza."

Sindikudziwa ngati ndinayankha bwino. Ndinati, "Iwe, ndikungofuna usabwezedwe pakhomo." Koma mawuwo anatuluka mokalipa, ndipo nkhope yake inagwa. Chimenechi ndi chimene chikundisowetsa tulo. Mwana wasangalala, wasankhidwa, ine n'kumuthira madzi ozizira. Komabe ndikaganiza za sutukesi ija mtima ukundiwawa, chifukwa analongedza ngati akupita kutchuthi. Walt Disney World inatsegulidwa mu 1971, pulogalamuyi inayamba mu 1981, ndipo chiyambire ntchito zake ndi zamanja: kugulitsa chakudya, kusesa, kukonza zipinda za alendo m'mahotela, kukweza anthu pa zoseweretsa, kuyang'anira osambira. Umaimirira tsiku lonse. Loweruka, Lamlungu ndi Khirisimasi ndi masiku amene alendo amachuluka, ndiye ndi masiku amene umafunika kwambiri.

Tinabwerera pa nsapato zoyera zija. Yunifolomu amapereka, koma nsapato nthawi zambiri umagula wekha, ndipo mtundu wake umadalira malo amene akuika. Wa kukhitchini amafunika zosaterera, chifukwa pansi pamakhala mafuta ndi madzi. Ndinamuuza asagule asanauzidwe, ndipo akauzidwa agule mapeya awiri. Chifukwa chake ndi nyengo. Kuyambira Juni mpaka Seputembala ku Orlando kumatentha kufika madigiri 33, mpweya uli wonyowa, ndipo masana ambiri kumagwa chimvula cha ziphaliwali. Nsapato yonyowa siuma usiku umodzi m'chinyezi chotere. Ukaivala mawa lake, phazi limafewa, khungu limakhuzika, matuza amatuluka tsiku lachitatu, ndipo munthu amayamba kujomba. Masokosi a thonje amasunga thukuta, abwino ndi amene amauma msanga. Madzi azimwa asanamve ludzu.

Za ndalama tinakangana pang'ono. Iye anali atawerenga malipiro a pa ola, kuchulukitsa ndi 40, n'kuona ngati walemera. Ndinamuuza atenge pepala. Lendi ya ku Flamingo Crossings Village, kumene ophunzirawa amakhala, amadula kumalipiro a sabata iliyonse ndalama zisanafike m'manja mwake. Boma la Florida silidula msonkho pa malipiro, koma boma lalikulu la America limadula. Maola amasintha: sabata ya alendo ambiri amakwera, sabata yopanda alendo amatsika, pomwe lendi siitsika. Ndipo malipiro amabwera utagwira kale ntchito, choncho masiku oyamba chakudya, zofunda, sopo ndi nsapato zonse zichokera m'thumba lake. Ndinati asanyamuke alibe ndalama zomufikitsa masabata atatu.

Kaya inali nthawi yanji, batire la foni yake linayamba kutha. Ndinathamangira nkhani ya basi. Nthawi imene basi ya antchito yafika si nthawi imene wayamba ntchito. Ku Magic Kingdom, imodzi mwa mapaki a kumeneko, pali misewu ya pansi pa paki imene antchito amadutsa kuti alendo asawaone atavala zovala za dera lina, ndipo wachilendo amasochera mmenemo. Pamafunika kutenga yunifolomu, kusintha, kuyenda mpaka pamalo olembetsa kuti wafika. Kuchedwa kumalembedwa, ndipo kukachuluka munthu amachotsedwa. Akachotsedwa ntchito, nyumba ija nayonso yatha. Sabata yoyamba azikwera basi yoyambirira kuposa imene akuganiza kuti ikwanira. Usiku paki ikatseka, ntchito simathera pomwepo, pamakhala kutsuka ndi kulongedza.

Ndinkafuna kumuuzanso za mphepo zamkuntho, kuti nyengo yake imafika mpaka pa 30 Novembala, komanso za kukhala m'nyumba imodzi ndi anthu osawadziwa, wina wobwera 2 koloko usiku, wina wodzuka 5 koloko. Ndinkafunanso kunena kuti ndanyadira. Foni inaduka ndisananene.

Ndamulembera uthenga kuti mawa m'mawa apite yekha ku ofesi ija, asadikire imelo, ndipo akatuluka anditumizire chithunzi cha tsamba lachiwiri. Uthengawo waonetsa kuti wawerenga. Sanayankhe.