Gemu yathu ya bawo ndi funso loti "ituluka liti?"

Timapanga gemu ya bawo ya pafoni. Tilipo atatu: ine ndimalemba pulogalamu, msuweni wanga amasunga ndalama ndi kuyankha anthu, ndipo achemwali ena amene tinaphunzira nawo limodzi kusekondale ndiwo amajambula bolodi, nkhomo ndi zonse zimene maso amaona. Ofesi yathu ndi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Chirimba, mu Blantyre. Muli tebulo limodzi, malaputopu awiri, ndi batire lomwe limatigwira dzanja magetsi akathima. Ya ndiwo sichokera ku gemu ayi, pakadali pano. Masana timapangira anthu mawebusayiti ndi mapositala, gemu ndi ntchito ya madzulo ndi Loweruka.

Tinasankha bawo chifukwa sitinkafunika kufotokozera munthu kuti n'chiyani. Maenje 32, mizere inayi, nkhomo 64, aliyense anaonapo madala ataunjikana pansi pa mtengo kumsika. Koma kuliphunzitsa kompyuta ndi nkhani ina. Pali kutakata, pali mtaji, pali malamulo a nyumba (dzenje lapadera la pabolodi), ndipo dzanja limodzi likhoza kuzungulira bolodi kangapo lisanagone. Choonjezera apo, malamulo amasiyanako malo ndi malo. Zimene wosewera wa ku Mangochi amati n'zololedwa, wa ku Ndirande akhoza kukuuza kuti ndi kuba kumeneko. Timagwiritsa ntchito Godot, pulogalamu yaulere yopangira magemu, poti ndalama zolipirira zida zodula tinalibe.

Mafani athu sitinawafune dala, anabwera ndi lamulo la Google. Kutsegula akaunti yoikira gemu pa Play Store ndi madola 25, kulipira kamodzi. Koma kuyambira mu November 2023, munthu amene watsegula akaunti yatsopano m'dzina lake ayenera kuyamba wapeza anthu oyesera pulogalamu yake kwa masiku 14 otsatizana asanaloledwe kuitulutsa poyera. Poyamba ankafuna anthu 20, kenako anatsitsa kufika pa 12. Mwezi womwewo wa November 2023 ndi pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndiye madola 25 aja anali ndalama yomveka m'thumba. Kuti tipeze anthuwo tinatsegula gulu la pa WhatsApp, n'kuikamo abale, anzathu a kutchalitchi ndi madala awiri a bawo omwe ali ndi mafoni a Android. Wina anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana mlamu wake wa ku Johannesburg, basi gulu linakula tisanakonzeke. Ndipo uthenga womwe unkabwera kwambiri, m'mawa ndi usiku womwe, unali umodzi: "Akulu, gemu ija ituluka liti?"

Apa ndi pomwe tinasemphana ndi msuweni wanga, ndipo mkanganowo unatenga nthawi kuposa mkangano wa ndalama. Iye ankati tiziponya kanthu tsiku lililonse, ngakhale chithunzi cha laputopu chabe, chifukwa munthu wa pa intaneti sachedwa kuiwala. Ine ndinkati tikhale chete mpaka gemu ithe, poti ola lomwe ndataya ndikukonza uthenga ndi ola lomwe sindinalembe pulogalamu. Aliyense anali ndi umboni wake wochokera kwa akuluakulu a ntchitoyi.

Msuweni wanga ankatchula Factorio. Amene amapanga gemu imeneyo ndi kampani ya Wube Software ya ku Prague, m'dziko la Czech Republic. Kuyambira mu 2013 iwo ankalemba nkhani Lachisanu lililonse, yotchedwa Friday Facts, yofotokoza zimene achita sabata imeneyo. Sankalemba zotsatsa malonda. Ankafotokoza mmene akonzera kuti masitima a mu gemu asawombane, chifukwa chimene asinthira chithunzi chakutichakuti, ndi zimene ayesa koma zakanika. Gemu yathunthu inatuluka mu August 2020, anthu atawerenga nkhani zoterozo kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Atayamba kukonzekera kutulutsa gawo loonjezera la Space Age anayambiranso kulemba sabata ndi sabata mu August 2023, mpaka gawolo linatuluka mu October 2024. "Mwaona achimwene," ankatero msuweni wanga, "anthu awa sanatope, ndipo mafani awo sanawasiye."

Ine ndinkatchula Team Cherry, kagulu kochepa ka ku Adelaide, ku Australia, komwe kanapanga Hollow Knight mu 2017. Analengeza gemu yotsatira, Silksong, mu February 2019, kenako n'kungoti zii. Pankatha miyezi yambirimbiri osanena kanthu, mpaka kudikirako kunasanduka nthabwala pa intaneti. Tsiku lotulutsira analinena kutangotsala milungu iwiri, gemu inatuluka pa 4 September 2025, ndipo ogula anachuluka moti masitolo a pa intaneti monga Steam anavutika tsiku limenelo. Kwa ine uwu unali umboni woti chete sapha bizinesi.

Achemwali athu ojambula aja ndiwo anatidula pakamwa tonse awiri. Anati tikudziyerekeza ndi anthu omwe si anzathu. Team Cherry inakhala chete ili kale ndi gemu yomwe inagulidwa ndi anthu mamiliyoni. Munthu amadikira wophika amene analawapo kale chakudya chake. Ife palibe analawapo chathu, ndiye tikati zii miyezi itatu anthu angoti anyamata aja zawakanika, n'kutuluka m'gulu. Koma Wube nayo ili ndi antchito olipidwa omwe amagwira gemu tsiku lonse, moti pofika Lachisanu amakhaladi ndi chatsopano chonena. Ife pali masabata ena omwe kasitomala wa webusayiti amatipanikiza, gemu osaikhudza n'komwe. Lachisanu loterolo tikanalemba chiyani? Tikanayamba kupeka, kapena kulonjeza.

Ndipo kulonjeza ndiye kumene ndimakuopa kwambiri. Nkhani ya gemu ya No Man's Sky opanga magemu onse amaidziwa. Kampani ya Hello Games ya ku Guildford, ku England, motsogozedwa ndi Sean Murray, inalankhula kwambiri gemu isanatuluke. Itatuluka mu August 2016 anthu anapeza kuti zina zomwe ankayembekezera, monga kukumana ndi osewera anzawo, munalibe. Mkwiyo unali waukulu. Kampaniyo inakhala pafupifupi chete kwa miyezi ingapo, n'kubwera ndi zokonza mu November chaka chomwecho, ndipo kusewera pamodzi kwenikweni kunafika mu July 2018. Lero anthu amaiyamikira. Chimene chinawapweteka sikunali kulankhula pafupipafupi kapena patalipatali. Kunali kulankhula za mawa ngati zachitika kale. Tonse timamudziwa telala amene ukapita kukatenga malaya amati "bwerani mawa". Sumukwiyira chifukwa choti kusoka kumatenga nthawi, umamukwiyira chifukwa cha mawa wakeyo.

Tinagwirizana motere. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse timatumiza uthenga umodzi wathunthu pagulu ndi pa tsamba lathu la Facebook, kaya mwezi wayenda bwino kaya ayi. Mu uthengamo timanena zimene zikugwira ntchito tsopano, zimene zathyoka, ndi chinthu chimodzi chomwe tili nacho m'manja. Tsiku lotulutsira gemu sitinena. Wina akaumirira timamuyankha kuti tidzanena tsiku gemu ikadzakhala itatha, chotsala n'kungodina batani. Ena amanyinyirika ndi yankho limeneli, koma palibe amene anatitchulapo abodza.

Mwezi ndi muyezo wotikwanira ifeyo, osati lamulo la aliyense. Pa mwezi, ngakhale wovuta, pamapezeka kanthu koti munthu aone ndi maso. Ndiponso uthenga wabwino umadya madzulo athunthu: kujambula zimene zikuchitika pa sikirini, kudula vidiyo, kulemba mawu, kenako kukhala pansi kuyankha mafunso omwe amabwera ngati mvula usiku womwewo. Vidiyo timaichepetsa dala kuti isapitirire mphindi imodzi ndipo isalemere, chifukwa anthu athu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo sangatsegule linki ya YouTube ngakhale atafuna. Amene amalangiza kuti opanga magemu aziulutsa ntchito yawo pompopompo kwa maola awiri sanagulepo bandulo ya kuno.

Pali zinthu ziwiri zomwe sizidikira Loweruka loyamba. Choyamba ndi gemu yathu yokonzedwanso yoti oyesera aiike pafoni. Ikakonzeka imapita tsiku lomwelo, ndi mizere iwiri yonena chimene chasintha. Chachiwiri ndi nkhani yoipa. Imeneyo ikachedwa imawola.

Chitsanzo chake ndi tsiku lina pamene mnyamata wina wa pagulu anatumiza vidiyo ya foni yake. Kompyuta inali itatola nkhomo n'kuyamba kufesa, ikufika pa dzenje lokhala ndi nkhomo, kutola, kupitiriza, kuzungulira, kubwereranso, osaima. Foni inatentha, batire likutsika iye akuonerera. Mu bawo zimenezi n'zotheka ndithu: pali kakhalidwe kena ka nkhomo pabolodi komwe dzanja silingagone mpaka kalekale, kungoti pabolodi la mtengo sizichitikachitika, ndipo zikati zichitike anthu amatopa n'kugwirizana zochita. Kompyuta satopa. Usiku womwewo tinaika vidiyoyo pagulu, n'kunena kuti vutoli ndi lenileni, aliyense amene zamuchitikira atseke gemu ndi kutitumizira chithunzi cha bolodi. Kunja kusanache, mmodzi wa madala aja anatumiza uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. "Ana inu," anayamba choncho, "bawo si masamu okha." Anafotokoza mmene iwo amathetsera mkangano dzanja likatalika mopitirira, komanso anatidzudzula kuti nyumba yathu timaiphwasula msanga mosatsata mwambo. Ndinawayankha kuti, "Zikomo bambo, tamva, tikabwera Loweruka kuti mudzationetse pabolodi." Tinapitadi, ndi botolo la Sobo m'manja. Lamulo la nyumba lomwe lili mu gemu panopa ndi lawo. Uthenga wa usiku umenewo, wonena za chinthu chothyoka, unabweretsa mayankho ambiri ndi othandiza kuposa zithunzi zokongola zonse zimene tinaponyapo.

Zithunzi zokongolazo timazisamala kwambiri. Achemwali athu ali ndi zojambula zambiri za zinthu zomwe timalota: bolodi losema ngati la ku Mua, mpikisano wa maboma, kusewera pa intaneti ndi m'bale wako ali ku Cape Town. Zimakhala mu laputopu, sizituluka. Kwa ife wojambula akajambula ndiye kuti tikuganizira chabe, koma kwa fani chithunzi ndi lonjezo, ndipo adzakufunsa chaka chamawa kuti chija munationetsa chili kuti. Timaonetsa zokhazo zimene munthu angazidine pafoni n'kuyenda.

Kukana nakonso timakuwerengera ngati uthenga. Anthu angapo anapempha kuti tiikemo kubetcha, wopambana azilandira pa Airtel Money kapena Mpamba. Msuweni wanga, monga msungichuma, maso anawala pang'ono. Koma za juga zili ndi malamulo ake ndi ziphaso zake, ndipo si gemu imene tinkafuna kuti mwana wa sukulu aziisewera ndi agogo ake. Tinalemba poyera mwezi womwewo kuti kubetcha sikudzakhalamo. Awiri atatu anatuluka m'gulu. Tikanangoti "tiona", akanakhala akudikira chinthu chomwe sichidzabwera, n'kumatifunsa mwezi ndi mwezi.

Msuweni wanga sanagonje kwathunthu, ndipo mwina ali ndi mfundo. Pakati pa mwezi amaponyabe timafunso pagulu, monga chithunzi cha bolodi n'kufunsa kuti apa mungasewere dzenje liti, ndipo anthu amakangana mpaka usiku. Zimenezo sizinena kanthu za mmene ntchito ikuyendera, sizilonjeza kanthu, ndipo sizindichotsa pa laputopu. Gulu limakhala lamoyo lokha, madala akuphunzitsa achinyamata kuwerenga nkhomo ndi maso asanagwire.

Pakadali pano gemu imaseweredwa bwinobwino ndi anthu awiri pafoni imodzi, ndipo kompyuta imagonjetsa ine ndi msuweni wanga mosavuta. Madala aja imawalephera, amaidya nkhomo zonse akucheza nkhani zina. Ndiye uthenga wa mwezi uno ukhala wonena zimenezo: kuti mlingo wovuta sunafike povuta, kuti tikuyesa kuti kompyuta iziona patsogolo manja angapo popanda kutenthetsa mafoni otchipa a itel ndi Tecno omwe anthu athu ambiri ali nawo, ndi kuti tikufuna oyesera ena asanu omwe bawo amalidziwadi.