Ngati mphamvuzo zilipodi, aloleni ayesedwe

Anthu amene amaoneka pa TV nkumati amadziwa za mumtima mwa munthu kapena amasuntha zinthu osazigwira, ine ndimangofuna aziyesedwa basi, ndipo kuyesako sikulira ndalama zambiri ayi.

Taonani za James Hydrick ku America mu 1981. Mkuluyu ankatembenuza masamba a buku la manambala a foni osaligwira, amvekere ndi mphamvu ya maganizo. Pa pulogalamu ya That's My Line kunabwera James Randi, yemwe naye anali katswiri wa matsenga a pasiteji, iye anangomwaza tizidutswa ta styrofoam, topepuka tija timakhala mu katoni ya wailesi yatsopano, kuzungulira bukulo nkuti chitaninso bwana. Poti akangouzira mpweya tizidutswato tiuluka, aliyense aona. Hydrick analiyang'anitsitsa bukulo, kulizungulira, kenako nkuyamba kudandaula kuti magetsi a mu studio ndi tizidutswato zikumusokoneza. Tsamba silinasunthe olo pang'ono. Pambuyo pake anavomera yekha kuti ankangouzira ndi pakamwa.

Koma yomwe imandipweteka mtima ndi ya Peter Popoff, mlaliki amene ankatchula munthu dzina, komwe amakhala ndi matenda ake pagulu, anthu nkumalira kuti Mulungu wayankhula. Mu 1986 Randi ndi anzake anapita ndi makina otola mafunde a wailesi nkupeza kuti mkuluyu anali ndi kachipangizo mkhutu, mkazi wake Elizabeth ndi amene ankamuwerengera zonsezo kuchokera pa makhadi a mapemphero omwe anthuwo analemba okha polowa. Mawuwo anawaulutsa pa pulogalamu ya Johnny Carson dziko lonse kumva, chaka chotsatira Popoff analengeza kuti chuma chake chagwa, sangathe kubweza ngongole, koma patapita zaka anabwereranso pa TV anthu nkumatumizabe ndalama.

Ndiye ndikamaona kwathu kuno wina akutchula nambala ya foni ya munthu pa siteji, ndimafunsa kuti kodi pakhomo panalibe amene amalemba mayina? Kufunsa chonchi si kunyoza Mulungu, olo kunyoza amene akudwala, odwalawo ndi amene ndikuwamvera chisoni chifukwa ena amafika posiya mankhwala.

Randi anayamba ndi kulonjeza mphoto ya $1,000 mu 1964, kenako bungwe lake linaika 1 miliyoni dollars kwa aliyense amene angaonetse mphamvu zotere, malamulo ake mogwirizana mbali zonse ziwiri asanayambe. Anthu oposa 1,000 analembetsa, mpaka 2015 pomwe anatseka palibe anatenga. Sylvia Browne, mayi amene ankati amaona zobisika ndi zamtsogolo, anavomera pa pulogalamu ya Larry King mu 2001 kuti ayesedwa koma sanapiteko. Mayi yemweyu mu 2004 anauza mayi ake a Amanda Berry, mtsikana amene anasowa ku Cleveland, pa TV kuti mwana wanu anamwalira. Mayi a Amandawo anamwalira mu 2006, Amanda anapezeka wamoyo mu 2013.