Sabata ya mawezulo m'munsi mwa Soche

Ndimagwira ntchito kubungwe lina laling'ono lophunzitsa anthu kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo Novembala akafika mpando wanga wamuofesi umachita fumbi. Sabata yathayi ndinathera ku Chilobwe ndi ku Manja, m'munsi mwa phiri la Soche, komwe matope ndi miyala zinatsika mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy.

Lolemba tinakumana ndi mablokulida ndi komiti yoona zangozi ya m'deralo. Ndinawawerengera ulosi wa mvula wochokera kunthambi yoona zanyengo, wodzaza ndi mamilimita. Bambo wina anandidula: "Achemwali, mamilimitawo ngakusukulu. Tiuzeni, tithawe kapena tigone?" Anthu anaseka, koma ananena zoona. Tinagwirizana zoyang'ana zomwe munthu amaona ndi maso ake: nthaka kung'aluka kumtunda kwa nyumba, mitengo kupendekeka, madzi amatope kutumphuka pomwe panalibe kasupe, kapena mkokomo wochokera kuphiri mvula itagwa masiku awiri atatu osakata. Akuluakulu amati ameneyo ndi napolo. Ine sinditsutsana nawo za dzinalo, bola athawe.

Lachiwiri galimoto inalibe mafuta. Tinatenga minibasi, kenako kabaza, chimkuzamawu chili pamiyendo, n'kukafika anthu atabalalika kale.

Lachitatu ndiye tsiku lomwe likundizungulirabe m'mutu. Tinkayenda khomo ndi khomo kumtunda, komwe nyumba zina zamangidwanso pambali penipeni pa njira yomwe matope aja anadutsa. Miyala ikuluikulu ikadali pomwepo, ana amaseweretsapo. Ndinapeza agogo ena akusankha nyemba m'lichero, ndipo monga mwa fomu yathu ndinawafunsa ngati uthenga wochenjeza za Freddy unawafika.

"Tinamva, mwanangu. Pawailesi ananena, pafoni ya mdzukulu wanga ananena."

"Nanga bwanji simunachoke, agogo?"

Anaika lichero pansi. "Kupita kuti? Usiku, mvula ili pamsana. Nanga mbaula, matilesi, thumba la chimanga, kusiyira ndani? Akuba sathawa mvula."

Fomu yathu ili ndi mabokosi awiri okha, "anamva" ndi "sanamve". Ndinachonga "anamva", koma dzanja linalemera. Kuyambira nthawi ya anamondwe a Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, ife a ntchito imeneyi takhala tikulimbana ndi kufalitsa uthenga ngati kuti vuto ndi makutu. Ambiri okhala kumtundaku ndi alendi; anakwera phiri chifukwa nyumba zake n'zotchipa ndipo m'tauni n'pafupi kuyenda wapansi. Munthu wotere ukamuuza kuti "samukani", amakuyang'ana ngati walankhula chilankhulo china. Amafuna umuuze sukulu kapena tchalitchi chomwe akagone, yemwe akusunga kiyi wake, ndi amene atsale kulondera.

Tinakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka tikulemba zimenezo ndi anthu a m'bulokomo. Anyamata anayi anadzipereka kulondera nyumba za othawa, malinga zili kutali ndi njira ya madzi. Tinalembanso mayina a okalamba, amayi oyembekezera ndi aulumali, aliyense ndi woyandikana naye woti adzamunyamule. Agogo aja ndinawasiyira jumbo yolimba yoti aikemo chitupa cha unzika, buku la kuchipatala ndi mankhwala awo a BP, n'kuipachika pamsomali pafupi ndi chitseko.

Lachinayi tinagwira makasu ndi mafosholo kutsegula ngalande. Zomwe zimatuluka m'makalavati a mu Blantyre muno musafunse: matewera a ana, mabotolo, majumbo, ngakhale matilesi athunthu. Zonsezi zimakathera m'mitsinje ya Naperi ndi Mudi, ndipo zikatseka njira madzi amalowa m'nyumba ndi m'zimbudzi. Amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 safuna kuuzidwa chotsatira chake.

Lachisanu tinayeserera kuthawa. Wezulo italira katatu, anthu anayenera kutsikira kubwalo la sukulu podzera njira yomwe tinajambula pamapu Lolemba. Njirayo inatichititsa manyazi. Imadutsa pakamtsinje kouma komwe nthawi yadzinja kamafika m'chiuno, ndipo palibe mmodzi wa ife amapepala anazindikira. Anatiuza ndi mtsikana wa sitandade 7 yemwe amazungulira kwina mvula ikagwa. Tinafufuta, n'kujambula njira yake, yotalikirapo koma yokwera.

Mawezulo tinali nawo 20, mabuloko ndi oposa pamenepo. Amayi ena anati vuto palibe, adzamenya sefuliya. Tinayesa, ndipo inamveka patali kuposa wezulo yathu yogula.

Loweruka m'mawa blokulida uja wa mamilimita anandiimbira. Kiyi wa tchalitchi chomwe tinasankha amasunga ndi mkulu wa mpingo yemwe amakhala ku Chirimba, kutsidya lina la mzinda. Lolemba ndikadulitsa wina ku Limbe.