Mahatchi anga a pashelufu ndi mzere wapamsana

Alendo akalowa pabalaza pathu kuno ku Leeds, maso awo amathamangira pa hatchi imodzi yokha: yagolide, ya manyenje ndi mchira woyera, ija amati palomino. Aliyense amaloza yomweyo. Ine ndimangoseka, chifukwa pa zidole zonse za mahatchi zimene ndasonkhanitsa, imeneyo ndiye sindili nayo mtima kwenikweni. Ndinaigula poti inali yotchipa pamsika wa katundu wakale wa Lamulungu, basi.

Mtima wanga uli pa mtundu wa ubweya wotchedwa dun. Thupi lake limakhala lotuwira, pena lachikasu pang'ono, miyendo yakuda kumunsi. Koma chizindikiro chenicheni chili pamsana: mzere wakuda woyambira m'manyenje, kudutsa msana wonse mpaka kukalowa mumchira. Ena amakhalanso ndi timizere topingasa pamiyendo, tozimirira, ngati ta mbidzi za ku Nyika koma toti uyenera kuyandikira kuti utione. Mahatchi a Fjord a ku Norway pafupifupi onse ndi otere, ndipo eni ake amawameta manyenje kuti aime njo, pakati pakuda, m'mbali moyera. Mahatchi akutchire a Przewalski a ku Mongolia nawonso ndi a dun. Ndi mtundu wakalekale, wa mahatchi asanayambe kuwetedwa.

Chimene chimandikokera si mbiri yokhayo ayi. Zidole za kampani ya ku America yotchedwa Breyer amazipaka ndi manja, kupopera penti pang'onopang'ono, ndiye ziwiri zotuluka m'chikombole chimodzi, za nambala imodzi, sizifanana ndendende. Pa hatchi ya dun m'pamene dzanja la wopentayo limaonekera poyera. Ndikapeza imodzi, choyamba ndimaiyang'ana kuchokera pamwamba. Mzere uja wawongoka? Wafika kumchira, kapena wathera panjira? Ina ndili nayo, mzere wake unakhotera kumanzere pang'ono pafupi ndi matako, ngati wopentayo anayitanidwa ali mkati mwa ntchito. Imeneyo sindingaigulitse. Kenako ndimaona mawondo, ngati kuda kwa miyendo kukusungunukira bwino m'thupi kapena kwangodukiza ngati yavala masokosi.

Ogulitsa ambiri pa eBay, msika wa pa intaneti, amasokoneza dun ndi buckskin, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa patali zimafanana. Buckskin ndi hatchi ya bay, ija yofiirira ya manyenje, mchira ndi miyendo yakuda, imene yatengera kwa kholo limodzi chibadwa chosungunula mtundu chotchedwa cream. Chibadwa chomwecho chikagwera pa hatchi ya chestnut, yofiira thupi lonse, pamatuluka palomino ya alendo anga ija. Ikatengera kwa makolo onse awiri imakhala cremello, yoyererako, ya maso abuluu. Dun ili ndi chibadwa chakechake, ndipo umboni wake ndi mzere uja. Ndiye ndikamagula pa intaneti ndimapempha chithunzi cha pamsana. Wina akakana, ndimadutsa.

Breyer inayambira ku Chicago, ndipo hatchi yawo yoyamba ya mu 1950 inali yokongoletsera wotchi yapatebulo. Anthu anakonda hatchiyo kuposa wotchi. Lero zazikulu zawo, za Traditional, ndi za muyeso wa 1:9, kutanthauza kuti hatchi yeniyeni imaposa chidolecho kasanu n'kanayi, pomwe ting'onoting'ono ta Stablemates ndi 1:32, tokwana m'dzanja. Kuno ku Britain zosavuta kupeza ndi za Schleich za ku Germany, zopangidwira ana, zolimba, zoti ngakhale zigwe pansi sizithyoka khutu. Ndimagula zonse, malinga ndi mmene thumba lilili mwezi umenewo.

Zoyera ndinazisiya. Pulasitiki wa zidole zakale za Breyer amasanduka wachikasu m'malo amene sanapakidwe penti, ndipo mankhwala ake ndi kuziika pawindo kuti ziwombedwe ndi dzuwa. Dzuwa lake liti, kuno ku Yorkshire? Komanso hatchi zambiri zimene timati zoyera kwenikweni ndi zotuwa: zimabadwa zakuda kapena zofiirira n'kumayera zikamakula, monga zimachitira za Lipizzaner za ku Vienna. Ndiye chidole chotuwa cha mawangamawanga chikukuonetsa hatchi pa msinkhu umodzi wokha, isanayeretu. Zimenezo n'zosangalatsa kuziganizira, koma si zoti ndingatayirepo ndalama.

Zakuda nazo zili ndi vuto lake. Hatchi ya fuko la Friesian yakuda bii ndi yokongola, palibe angatsutse, koma fumbi lililonse limaoneka, ndipo penti ikangosupuka kunsonga kwa khutu, kadontho koyera kaja kamakuyang'ana tsiku lililonse.

Pali zina zimene osonkhanitsa anzanga amazifera. M'zaka za m'ma 1960 Breyer inatulutsa mahatchi abuluu ndi agolide wonyezimira, mayina ake Wedgewood, Copenhagen, Florentine ndi Gold Charm. Panthawiyo sanayende malonda, ndiye chifukwa chake lero ndi osowa ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Ine ngakhale ndalamazo zitakhalapo, hatchi yabuluu sindingaiike pashelufu panga. Ndimafuna mtundu woti hatchi yamoyo ingakhale nawo. Pamipikisano ya zidolezi mwini amalemba kuti chidole chake chikuimira hatchi ya fuko liti, ndipo woweruza amaona ngati mtunduwo ndi wotheka pa fukolo. Mwachitsanzo, hatchi ya fuko la Suffolk Punch imakhala ya chestnut nthawi zonse. Ukabweretsa Friesian wa palomino, ngakhale apentedwe mwaluso chotani, wagwa kale. Lamulo limenelo ndimagwirizana nalo. Msonkhano waukulu wa anthu ngati ife ndi BreyerFest, womwe umachitika mu Julaye ku Kentucky Horse Park ku America, ndipo unayamba mu 1990. Ine ndimangouonera pa YouTube, kapu ya tiyi m'manja.

Amayi anga ataona shelufuyi pa vidiyo ya WhatsApp anagwira pakamwa. "Iwe, munthu wamkulu ndi ana ako, ukutolera zidole?" Ndinati, "Amayi, nanga achimwene aja sankaumba ng'ombe zadongo kudambo?" Anaseka, n'kundikumbutsa okha kuti anyamatawo ankakanganirana dongo lakuda, poti ng'ombe yake inkaoneka yaukali kuposa ya dongo lofiira. Kuyambira tsiku limenelo, ndikagula yatsopano amafuna ndiwaonetse, ndipo chigamulo chawo sichisintha: yabwino ndi yonenepa.

Mwana wanga wamkazi ali ndi maganizo ake. Iye amafuna Appaloosa, za madonthomadontho zimene anthu a fuko la Nez Perce a ku America ankaweta, ndipo madontho akachuluka m'pamene amati yakongola. Tinagawana: shelufu yapansi ndi yake, yapamwamba ndi yanga, palomino ija ili pakati poti palibe akuifuna.

Imene ndikusaka panopa ndi grulla. Imeneyi ndi hatchi yakuda imene yatengera chibadwa cha dun, ndiye thupi limatuluka lotuwa ngati mbewa, mutu wakuderako, miyendo yakuda. Opanga zidole ambiri amaiphonya, amaipaka mopitirira mpaka imaoneka yabuluu kapena yapepo. Ndinaona ina yabwino mwezi wathawu, koma wogulitsa anali ku Ohio ku America, ndipo ndalama yotumizira pamodzi ndi msonkho zinaposa mtengo wa hatchiyo. Ndikudikira ina ipezeke kuno konkuno.