Mpeni Uzikhala Pati Pokwera Ngomakurira Kapena Nyangani

Ambiri mwa ife kuno ku Harare timayambira kukwera mapiri ku Domboshava kapena ku Ngomakurira, ulendo wopita ndi kubwerako tsiku lomwelo, kachikwama kopepuka kumsana. Pamenepo mpeni wa m'chimake pa lamba wa thalauza suvuta. Nkhani imasintha mukabereka chikwama chachikulu cha ulendo wa ku mapiri a Nyanga kapena Chimanimani, chija chokhala ndi lamba wake wonenepa wa m'chiuno. Lambayo amakhala pa mafupa a m'chiuno, pomwe pali chimake. Ola limodzi lisanathe chigwiriro chimayamba kukudindani m'nthiti, khungu limasupuka, ndipo simungasolole mpeniwo musanamasule chikwama.

Njira yoyamba ndi kutsitsa chimake. Chimangirireni ku lamba ndi kachikopa komanso mphete yachitsulo kuti chilendewere masentimita 8 mpaka 10 kunsi kwa lamba wa chikwama. Chikatero chimapendeka chokha mukanyonyomala kapena mukakhala pansi. Kuipa kwake n'koti chimagubuduza pa miyala ndipo chimakodwa m'minga. Musalole chizembere kutsogolo, chifukwa m'kati mwa ntchafu mumadutsa mtsempha waukulu wa magazi.

Ena amamanga chimake pa lamba wa paphewa, chigwiriro chitaloza pansi. Wogwira ndi dzanja lamanja amange pa phewa lamanzere. Malegeni awiri odulidwa ku chubu chakutha cha njinga, lina kumwamba lina kunsi, amagwira bwino kuposa chingwe chifukwa saterereka pa nsalu. Koma musananyamuke yesani kaye: zondotsani chimake pamwamba pa matiresi, muchigwedeze mwamphamvu kakhumi. Mpeni ukangosuntha pang'ono, njira imeneyi si yanu. Chimake chapulasitiki cholimba, chimene chimalira kuti "kha" mpeni ukalowa, ndicho chimayenera pamenepa. Chachikopa chimafutukuka chikanyowa. Pobwezera mpeni imani, muyang'ane, mugwire chimake ndi dzanja linalo kutali ndi kamwa lake, pakuti nsonga ikuyenda pafupi ndi khosi. Kumbukiraninso kuti mukatula chikwama n'kupita kukatunga madzi, mpeni nawo watsala.

Kumbuyo kwa chiuno, pa msana, ayi ndithu. Thanthwe la ku Domboshava likanyowa limaterera ngati therere, ndipo woterereka pa thanthwe amagwa chagada. Chitsulo chopingasa pa fupa la msana chimavulaza kuposa kugwako. Mpeni wovala m'khosi nawo ukhale waung'ono, pa chingwe chimene chingaduke chikakodwa mu nthambi.

Ine ndimaona kuti ambiri safunika mpeni waukulu n'komwe. Ntchito yake pa ulendo ndi kudula chingwe, anyezi, tomato, buledi ndi kusongola kamtengo kokhomera tenti. Wopinda, monga Okapi kapena Opinel nambala 8 wa chitsulo cha masentimita 8.5, umakwanira, bola ukhale ndi loko kuti usapindikire pa zala. Uikeni m'kathumba ka zipi ka pa lamba wa chikwama, kapena m'thumba lakutsogolo la thalauza. Umangeni ndi kachingwe ka masentimita 60 mpaka 70, kokwana kutambasula mkono, chifukwa mpeni ukagwera mumng'alu wa miyala subweranso. M'thumbamo musaikemo makiyi kapena ndalama zachitsulo, ndipo muzikutumula mchenga, umene umalowa popindikira n'kulimbitsa mpeni. Chigwiriro cha Opinel ndi chamtengo, ndiye chikamwa nkhungu ya pa phiri la Nyangani, pamwamba pa mamita 2,592, chimafufuma n'kukana kutseguka. Menyetsani kumapeto kwa chigwiriro pa mtengo, chitsulo chimasuzumira chokha.

Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, chitsulo chosakhala cha stainless chimachita dzimbiri usiku umodzi wokha. Pukutani mpeni musanaubwezere, mupake dontho la mafuta ophikira popeza mukudulira chakudya, ndipo kunyumba musausunge m'chimake chachikopa chonyowa.

Zonsezi ndi za kuphiri. M'tauni, mu kombi (minibasi), kapena podikira basi pa Mbare Musika, mpeni ukhale m'kati mwa chikwama, wokulungidwa pamodzi ndi ziwiya zophikira, muutulutse mukafika poyambira kukwera. Pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, ngakhale kampeni kopinda kalowe m'chikwama chopita kumalo a katundu, osati chonyamula m'manja.